Masiku 30 a m'pasipoti: lamulo la kuonjezera nthawi ya mlendo m'dziko la eni

Dera la Chia, lomwe lili m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa boma la Nkhotakota, limadziwika ndi nyanja yake yaing'ono imene imalumikizana ndi nyanja ya Malawi pa mpata wa madzi wodutsa pansi pa mlatho wa msewu wa M5, ndiponso ndi nsomba zomwe apaulendo amagula pamlathopo. Msewu womwewo ndi umene achinyamata a m'derali amadzera polowera ku Salima ndi ku Lilongwe, kumene amakakwera mabasi a ku Joni akaona kuti usodzi ndi ulimi wa mpunga ndi chinangwa sizikukwanitsanso zosowa za pakhomo. Alipo amene amanyamuka ndi pasipoti yabwinobwino, nadutsa mwalamulo pa zipata zonse za m'malire, kuyambira ku Dedza kapena ku Mwanza, kudzera ku Tete, ku Nyamapanda ndi ku Harare mpaka ku Beitbridge, koma mwezi umodzi ukangotha amapezeka kuti akukhala m'dziko la South Africa mophwanya lamulo. Pasipoti yawo imakhala isanathe mphamvu, ndipo iwo amakhala asanalakwire munthu aliyense. Chomwe chimakhala chatha ndi nthawi imene dzikolo linawapatsa polowa, yomwe apaulendo amangoti madeizi.

Pasipoti ndi chilolezo ndi zinthu ziwiri

Pasipoti ndi chikalata chimene boma limapereka kwa nzika yake pofuna kutsimikizira maiko ena kuti munthuyo ndi ndani ndipo kwawo ndi kuti, koma payokha sipatsa mwini wake ufulu wolowa kapena kukhala m'dziko lina. Ufulu umenewo umachokera kwa eni dziko, ndipo amaupereka kudzera mu viza kapena chilolezo, chomwe chimanena zinthu ziwiri: chimene mlendo wadzera ndiponso nthawi imene waloledwa kukhala. Lamulo loona za anthu olowa ndi kutuluka ku South Africa, lomwe ndi Immigration Act nambala 13 ya chaka cha 2002, limatchula mitundu yosiyanasiyana ya zilolezo zotere, monga cha mlendo wongocheza, cha wophunzira, cha wodzalandira chithandizo cha kuchipatala, cha wachibale wa nzika, cha bizinesi ndi cha ntchito, ndipo chilichonse chili ndi zoyenera zake.

Mmalawi amene ali ndi pasipoti wamba safunika kupempha viza asananyamuke ngati ulendo wake ndi wokacheza kwa masiku osapitirira 30, ndipo m'malo mwake amalandira chilolezo cha mlendo pa chipata cholowera. Chilolezocho chimaoneka ngati chinthu chaching'ono: chidindo chokhala ndi dzina la chipata ndi tsiku lolowera, ndipo pambali pake pamakhala tsiku lomaliza limene mlendo ayenera kukhala atatuluka. Masiku 30 ndiwo malire, osati lonjezo, pakuti wogwira ntchito pa chipata ali ndi mphamvu yopereka masiku ochepa malinga ndi mmene waonera cholinga cha ulendo, ndalama zomwe mlendo ali nazo ndi tikiti yake yobwerera. Pa Beitbridge, pamene mabasi angapo amafika nthawi imodzi ndipo anthu amaima pamzere usiku ali otopa ndi ulendo wa masiku awiri, n'zosavuta kuti munthu angolandira pasipoti ndi kuiponya m'thumba osaona tsiku lomwe lalembedwa, naganiza kuti wapatsidwa mwezi wathunthu pomwe mwina wapatsidwa sabata ziwiri zokha.

Njira yopemphera masiku ena

Gawo 11 la lamuloli limati chilolezo cha mlendo chitha kuperekedwa kwa nthawi yosapitirira miyezi itatu, ndipo mwini wake akapempha chitha kuonjezeredwa ndi nthawi inanso yosapitirira miyezi itatu. Pempho limeneli limaweruzidwa ndi unduna wa za m'dziko wa South Africa, womwe umatchedwa Home Affairs, koma kuyambira m'chaka cha 2014 mapepala amalandiridwa ndi kampani ya VFS Global, yomwe ili ndi maofesi m'mizinda ikuluikulu monga Johannesburg, Pretoria, Durban ndi Cape Town. Kampaniyi ntchito yake ndi kulandira mapepala, kutenga zidindo za zala ndi chithunzi cha wopempha ndiponso kum'patsa yankho likatuluka, koma ilibe mphamvu yovomera kapena kukana pempho, ndipo munthu aliyense wolonjeza kuti ali ndi mnzake wam'kati amene angatulutse chilolezo mwachangu ayenera kukayikiridwa.

Wopempha amayamba walemba fomu pa intaneti, kulipira ndalama za boma ndi za kampaniyo, ndi kusankha tsiku lokaonekera yekha ku ofesi. Amafunika kutenga pasipoti imene idzakhale ikugwirabe ntchito kwa masiku osachepera 30 kuchokera pa tsiku lomwe akufuna kudzatuluka, yokhalanso ndi masamba osadindidwa. Amafunikanso kalata yofotokoza chifukwa chimene akufunira masiku ena; umboni wakuti ali ndi ndalama zodzisamalira, womwe kawirikawiri umakhala mapepala a kubanki; tikiti yobwerera kwawo; ndiponso adiresi ya kumene akukhala pamodzi ndi kalata ya munthu amene akumusunga. Zifukwa zomwe zimamveka ndi zogwirizana ndi ulendo wa mlendo, monga kudwazika wachibale amene wagonekedwa m'chipatala, kudikira mwambo wa maliro kapena wa ukwati umene wasunthidwa, kapena kudwala kwa mlendo mwini wake, ndipo chilichonse chimalemera kwambiri chikakhala ndi kalata ya dokotala kapena chikalata china chochiikira umboni.

Chovuta chachikulu pa ndondomekoyi ndi nthawi. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito pa 26 Meyi 2014 amati pempho loonjezera liperekedwe kutatsala masiku osachepera 60 kuti chilolezo chithe, ndipo pa chilolezo chomwe chinaperekedwa kwa masiku osakwana 30 liperekedwe kutatsala masiku asanu ndi awiri ogwira ntchito. Kwa Mmalawi amene wapatsidwa mwezi umodzi, tanthauzo lake n'lakuti ayenera kuyamba kuyendetsa mapepala m'masiku oyambirira atangofika, chifukwa tsiku lokaonekera ku ofesi silipezeka pompopompo. Akapereka mapepala amalandira lisiti, yomwe ndi umboni wakuti anapempha chilolezo chake chisanathe, koma lisitiyo si chilolezo, ndipo amene watuluka m'dzikomo yankho lisanabwere, masiku ake atatha kale, akhoza kuonedwa ngati wopyola nthawi pokhapokha ngati unduna walengeza chifundo chapadera. Chifundo chotere chinaperekedwapo pa nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene malire anatsekedwa kumapeto kwa Malichi 2020 ndipo alendo amene zilolezo zawo zinathera m'nyengo imeneyo sanalangidwe, komanso m'zaka zotsatira pamene mapempho anaunjikana ku undunawo osayankhidwa.

Kuonjezera masiku sikusintha cholinga cha ulendo

Apa ndi pamene pagona vuto la apaulendo ochokera ku Chia ndi madera ena a Malawi. Kuonjezera chilolezo kumatalikitsa nthawi yokha, koma chilolezocho chimakhalabe cha mlendo, ndipo mlendo saloledwa kugwira ntchito pokhapokha atapatsidwa chilolezo chapadera cha ntchito ya kanthawi kochepa. Mnyamata amene wasiya bwato ndi ukonde napita kukasaka ganyu wa m'munda wa maluwa, wa pa malo omwetsera mafuta kapena wa zomangamanga amakhala ataphwanya kale zoyenera za chilolezo chake pa tsiku limene wayamba ntchito, ngakhale masiku ake akhale asanathe, ndipo sangalembe m'kalata yopemphera masiku ena kuti akufuna kupitiriza ntchito. Ngakhale pempho lake litavomerezedwa pa chifukwa china, miyezi itatu yoonjezerayo singakwane kuti abweze ngongole ya ulendo, atumize ndalama za malata kumudzi ndi kugula injini ya boti imene anapitira.

Lamulo limatsekanso njira ina imene anthu ankadalira kale, yosintha mtundu wa chilolezo ali m'dziko momwemo. Kuyambira mu 2014, munthu amene analowa ngati mlendo sangapemphe chilolezo cha ntchito kapena cha sukulu ali ku South Africa, koma ayenera kubwerera kwawo n'kukapempha kudzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo, yomwe kuno ku Malawi ili ku Lilongwe. Pali anthu ochepa amene lamulo limawapatula, ndipo m'chaka cha 2019 bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo, pa mlandu wa Nandutu, linagamula kuti mwamuna, mkazi kapena mwana wa nzika kapena wa munthu wokhala ndi chilolezo chokhazikika ali ndi ufulu wopempha kusintha chilolezo popanda kutuluka, chifukwa kumukakamiza kutuluka kumapasula banja. Chilolezo cha ntchito nachonso n'chovuta kwa munthu wa maphunziro ochepa, popeza kuyambira mu Okutobala 2024 pempho limayesedwa ndi mapointi otengera maphunziro, kukula kwa malipiro ndi zaka zimene munthu wagwira ntchitoyo. Ena amathawira ku chilolezo cha othawa kwawo, koma lamulo la 1998 loona za anthu otere limateteza amene akuthawa nkhondo kapena kuzunzidwa, ndipo umphawi suli m'gulu la zifukwa zovomerezeka.

Chilango cha kupyola nthawi

Chaka cha 2014 chisanafike, mlendo amene wapyola masiku ankalipitsidwa chindapusa potuluka, ndipo akalipira ankatha kudzalowanso. Malamulo atsopano anachotsa chindapusacho naika m'malo mwake chiletso, ndipo munthu wotere amalembedwa pa chipata kuti ndi wosafunika m'dzikomo, zomwe zikutanthauza kuti sangaloledwe kulowanso kapena kupatsidwa chilolezo chilichonse mpaka nthawi ya chiletso itatha. Wopyola ndi masiku osapitirira 30 amaletsedwa kwa miyezi 12, wobwereza cholakwachi m'kati mwa miyezi 24 amaletsedwa kwa zaka ziwiri, ndipo wopyola ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka zisanu. Tsiku limodzi lokha ndi lokwanira kuti chiletso cha chaka chigwe, ndipo kwa mayi wa geni amene amakapikula katundu ku Johannesburg mwezi ndi mwezi, basi imene yafera panjira pa tsiku lake lomaliza ikhoza kumuimitsira bizinesi yonse.

Woletsedwa amapatsidwa chikalata chotchedwa Form 19, ndipo ali ndi ufulu wochita apilo ku Home Affairs polemba kalata yofotokoza chimene chinamuchedwetsa, n'kuphatikizapo chikalatacho, masamba a pasipoti ndi umboni monga kalata ya kuchipatala kapena lisiti ya pempho lomwe linali lisanayankhidwe. Amene masiku ake athera ali m'dzikomo pa chifukwa chimene sakanachitira mwina, monga kugonekedwa m'chipatala, atha kukadzionetsa ku ofesi ya undunawo n'kupempha chikalata cha Form 20, chomwe chimamulola kukhala pamene akukonza mapepala ake, ngakhale kuti sichiperekedwa wambawamba.

Zinthu zimakula munthu akagwidwa m'kati mwa dziko asanafike pa chipata. Kukhala popanda chilolezo ndi mlandu umene chilango chake chimatha kufika zaka ziwiri za ukaidi, ndipo woyembekezera kubwezedwa kwawo amasungidwa ku Lindela, malo amene ali ku Krugersdorp pafupi ndi Johannesburg ndipo dzina lake si lachilendo m'midzi ya Malawi. Lamulo limalola kuti munthu asungidwe masiku 30, ndipo khoti litha kuonjezera masiku ena osapitirira 90, koma m'chaka cha 2017 bwalo lalikulu lija linagamula kuti aliyense wogwidwa motere aonekere yekha pamaso pa khoti pasanathe maola 48. Wolemba ntchito mlendo amene akudziwa kuti alibe chilolezo nayenso amapalamula mlandu. Komabe khoti la za ntchito, pa mlandu wa Discovery Health wa mu 2008, linanena kuti wantchito wopanda chilolezo amatetezedwabe ndi malamulo a ntchito, ngakhale kuti mantha a kugwidwa amachititsa anthu otere kungokhala chete pamene abwana awamana malipiro.

Njira zachidule ndi mtengo wake

Popeza njira ya lamulo ndi yopapatiza, pabuka njira zina zimene apaulendo amauzana m'basi ndi pa WhatsApp. Yodziwika kwambiri ndi yopereka pasipoti kwa dalaivala kapena kwa munthu wonyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi Malawi, kuti akaidinditse pa chipata ngati kuti mwini wake watuluka n'kulowanso, pomwe iye sanachoke pa ntchito. Pasipoti imabwera ndi zidindo ziwiri zatsopano ndipo mwini wake amagona tulo, koma chimene chili papepala chimayenera kugwirizana ndi chimene chili m'kompyuta ya boma, momwe mumalembedwa kulowa ndi kutuluka kwa munthu aliyense. Chidindo chabodza, kapena chenicheni chimene sichinalowe m'kompyuta, chimaonekera poyera pa tsiku limene munthuyo wafika yekha pa chipata, ndipo pamenepo mlandu sukhalanso wa kupyola masiku koma wa chinyengo, womwe ukhoza kumuika m'gulu la anthu oletsedwa kulowa m'dzikomo popanda nthawi yoikika. Kuyambira pa 1 Epulo 2023 zipata za South Africa zili m'manja mwa bungwe loima palokha la Border Management Authority, lomwe mwa ntchito zake muli kuthana ndi mchitidwe umenewu.

Njira ina ndi yotuluka ndithu kupita ku Zimbabwe, ku Mozambique kapena ku Lesotho masiku atatsala pang'ono kutha, n'kubwerera mawa lake. Kutero si mlandu, koma sikupereka ufulu wa masiku 30 ena, chifukwa wogwira ntchito pa chipata akaona pasipoti yodzaza ndi zidindo zotsatizana amazindikira kuti munthuyo akukhala m'dzikomo osati kucheza, ndipo atha kum'patsa masiku ochepa kapena kumubweza.

Gwero la vutoli

Ulendo wa ku Joni ndi wakale kuposa malamulowa. Kwa zaka zambiri Amalawi ankapita ku migodi ya golide kudzera m'bungwe la Wenela, lomwe linkawalemba ntchito ali konkuno, kuwanyamula ndi kuwabweza kontalakiti ikatha, ndipo gawo la malipiro awo ankadzalandirira kumudzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodiyo anaposa 100,000. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito. Ntchitoyi inayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Teba, koma inatha mu 1988 pamene maiko awiriwa anasemphana pa nkhani yoyeza Amalawi kachilombo ka HIV. M'nthawi yonseyo mapepala a wantchito ankayendetsedwa ndi bungwe ndi maboma, ndipo ngakhale matchona, omwe ndi anthu amene anakhalitsa kunja osabwerera, analipo, wopita pa kontalakiti sankawerenga yekha masiku a chilolezo.

Njira imeneyi itatsekeka, kufunafuna ntchito sikunathe, koma tsopano munthu aliyense amayenda payekha, ndipo khomo lokhalo lotseguka kwa wopanda maphunziro apamwamba ndi la mlendo. South Africa inakonzapo zilolezo zapadera za nzika za Zimbabwe kuyambira mu 2009, ndipo kenako za nzika za Lesotho, zomwe zinalola anthu amene anali kale m'dzikomo kugwira ntchito mwalamulo, koma Amalawi sanakhalepo ndi dongosolo lotero. Pangano la SADC la chaka cha 2005 lofewetsa mayendedwe a anthu linkafuna kuti nzika za m'chigawochi ziziloledwa masiku 90 pa chaka popanda viza, koma silinayambe kugwira ntchito chifukwa maiko amene analivomereza kwathunthu ndi osakwanira, ndipo ngakhale likanayamba, masiku 90 amenewo akanakhalabe a kucheza.

Mlendo wa kuno kwathu

Mfundo yomweyi imagwira ntchito kwa alendo obwera ku Malawi, kuphatikizapo amene amagona m'malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi Chia kapena kudzaona njovu m'nkhalango ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira mu 2015. Pansi pa lamulo la 1964 loona za anthu olowa ndi kutuluka, mlendo amapatsidwa pa chipata chilolezo cha masiku 30, chomwe atha kuchionjezera ku maofesi a nthambi ya Immigration, monga a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, polipira ndalama zoikika, mpaka masiku onse pamodzi akwane 90. Wofuna kupitirira pamenepo pa chifukwa chomveka amapempha chilolezo chokhala mongoyembekezera, chomwe chimakhala cha miyezi isanu ndi umodzi, pamene wofuna kugwira ntchito amafunika chilolezo cha ntchito chimene amamupemphera ndi womulemba, ndipo wofuna kutsegula bizinesi ali ndi chakenso. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo lamulo la dziko lililonse limamuona chomwecho: limamulandira poyembekezera kuti achoka, ndipo wofuna kukhazikika limamuuza kuti apemphe chilolezo china.

Zoyenera kuganizira ulendo usanayambe

Kwa munthu wa ku Chia amene akupita kukaona mwana, kukadwazika m'bale kapena kukapikula katundu, njira yoonjezera masiku ndi yothandiza ndipo ndi yotheka, malinga awerenge tsiku lomaliza asanachoke pa chipata, asunge makope a pasipoti ndi a chidindocho, ayambe pempho msanga, ndipo akaona kuti yankho silibwera pa nthawi yake aganize zotuluka masiku ake asanathe. Pasipoti ikatayika kapena ikatha mphamvu, thandizo limapezeka ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria ndi ku ofesi yake ya ku Johannesburg, koma maofesi amenewa alibe mphamvu yoonjezera tsiku ngakhale limodzi pa chilolezo cha dziko la eni. Kwa amene akupitira ntchito, palibe pempho loonjezera masiku limene lingamukonzere mapepala, ndipo banja lomwe likugulitsa ukonde, mpunga wa m'nkhokwe kapena munda kuti lipeze ndalama za ulendo liyenera kuwerengera chiletso cha zaka zisanu, Lindela ndi malipiro osatetezeka pamodzi ndi mtengo wa tikiti. Anthu adzapitabe, pakuti chimene chimawachotsa kumudzi sichinachoke, ndipo malinga ngati maboma a Malawi ndi South Africa sanagwirizane za njira yovomerezeka ya antchito wamba, Amalawi oyenda ndi mapasipoti abwinobwino adzapitiriza kusanduka olakwira lamulo pa tsiku la 31.